Timawaphunzitsa kusaka mabuku, koma akakhala okha pa kompyuta amatani?

MayiWaPaDesiki:
Moni nonse. Funso langa likupita kwa anzanga ogwira ntchito m'malaibulale, koma aphunzitsi ndi ophunzira amene muli muno musakhale chete. Chaka chilichonse ophunzira atsopano akafika timawasonkhanitsa n'kuwaonetsa katalogi ya pa kompyuta: pofufuzira ndi apa, dzina la wolemba mumalemba chonchi, nambala iyi ndiyo imakulozerani shelefu. Amagwedeza mitu, ena amalemba m'makope. Ikafika sabata yopereka asainimenti, omwewo amabwera pa desiki nkhope zili gwa, akuti "mabuku mulibe muno." Ndikawapempha kuti andionetse zimene analemba, ndimapeza kuti akopera funso lonse la aphunzitsi, mpaka chizindikiro chofunsira, n'kuliponya m'bokosi lofufuzira. Katalogi yati palibe chapezeka, iwo akhulupirira. Ndiye tandiuzani, phunziro lija limasintha kanthu kapena timangodzisangalatsa tokha?

ChakaChoyamba:
Amayi, ndiyankhe ine m'malo mwa oimbidwa mlandu. Kwathu kuno phunziro la laibulale analiika sabata yoyamba yeniyeni, tsiku lomwelo limene anatiuza za malamulo a mayeso, kolembetsera maphunziro, za chilichonse. Pofika ku laibulale mutu unali utadzaza kale. Komanso panalibe ndi mmodzi yemwe wokhala ndi asainimenti m'manja, ndiye usaka chiyani? Abambo amene ankatiphunzitsawo analemba chitsanzo chawo, mabuku anatuluka ndondondo, tonse tinati eya, n'zophweka izi. Chimene ndinachoka nacho ndi nthawi yotsekera ndi masiku amene umaloledwa kusunga buku. Basi.

Wokayika:
Ine ndinene zosakomazo. Chida chikamafuna kalasi kuti munthu achigwiritse ntchito, ndiye kuti cholakwika ndi chidacho. Ndani anakhalapo pa phunziro la Google? Ana omwewa mukuti sadziwa kusakawa amapeza chilichonse pa foni musanamalize n'komwe kuwafunsa. Musawanamizire. Vuto ndi katalogi yanuyo.

Wakatalogi:
A Wokayika, theka la zimene mwanenazo ndi zoona, koma ndiloleni ndifotokoze kusiyana kwake chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Google imawerenga mawu onse a pa tsamba. Katalogi siwerenga m'kati mwa buku. Chimene ili nacho ndi rekodi yaifupi imene ife timalemba: wolemba, dzina la buku, wosindikiza, chaka, mitu ya nkhani iwiri kapena itatu, nambala ya pa shelefu, ndipo mwamwayi mayina a machaputala. Buku la masamba 400 limaimiridwa ndi timizere tochepa. Dongosolo la marekodi amenewa, lotchedwa MARC, analikonza ndi Henriette Avram ndi anzake ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya ku America, m'zaka za m'ma 1960, n'cholinga choti zimene zinali pa makadi a katalogi yakale zilowe m'kompyuta. Ndiye kuseri kwa sikirini yokongolayo kudakali khadi.

Chinanso, makatalogi ambiri amafuna kuti mawu onse amene walemba apezeke mu rekodi imodzi. Ukalemba mawu awiri, mwayi ulipo. Ukalemba chiganizo cha mawu 15, ndi "discuss" yemwe, ukupempha rekodi yokhala ndi onsewo, ndipo rekodi yotero kulibe. Pa Google kuwonjezera mawu kumathandiza kuti akumvetse. Mu katalogi liwu lililonse lowonjezera limakuchotsera mabuku.

Wophunzira akamva ziwiri zimenezi ndiye kuti katalogi wayimva. Koma m'maphunziro athu ambiri nthawi imathera pa mabatani.

Wokayika:
Ndiye mwavomera nokha kuti chidacho n'chachikale.

Wakatalogi:
Chachikale inde, chopanda ntchito ayi. Google sikuuzani ngati buku lili pa shelefu lero kapena wina walibwereka, ndipo sikuuzani kuti e-book iyi sukulu yanu inalipira kale. Dandaulo lanulo silatsopano. Christine Borgman, katswiri wa za malaibulale, analemba mu 1986 kufunsa chifukwa chimene makatalogi a pa kompyuta ali ovuta, ndipo mu 1996 anabwereza funso lomwelo poona kuti sizinasinthe kwenikweni. Iye anali mbali yanu ndithu, ankati kuphunzitsa sikungalowe m'malo mwa kukonza chida bwino. Komabe ananena chinthu chothandiza ife ophunzitsa: wosaka amafunika nzeru za mitundu itatu. Adziwe kusandutsa chimene akusowa kukhala funso losakika, adziwe mmene katalogi imeneyo imamvera funso, ndipo akhale ndi luso la manja, kulemba ndi kudina. Ife timaphunzitsa chachitatu, timakhudza pang'ono chachiwiri, choyambacho timachisiya osachitchula.

WaMakompyuta:
Ndiikepo zanga. Ine ndimasamalira seva ya katalogi yathu, pulogalamu yake ndi Koha, ndipo ndimaona zimene anthu amalemba m'bokosi. Musaope, sindiyang'ana kuti walemba ndani. Masiku otsatira phunziro la laibulale mumaoneka kusintha: tsamba la advanced search limatsegulidwa, AND wa zilembo zazikulu wolumikizira mawu osakira amaonekera apa ndi apo. Pakapita kanthawi zonse zija zii, abwerera ku bokosi limodzi lija.

Zimene sizisintha ndi izi. Katalogi ikati palibe, ambiri amalembanso mawu omwewo, mwina n'kusintha chilembo chimodzi, kenaka amachoka. Ena amalemba dzina la nkhani ya mu jenolo, osadziwa kuti katalogi imasunga dzina la jenolo, osati nkhani iliyonse ya m'katimo. Ameneyo amapita akuganiza kuti tilibe, chonsecho jenoloyo ili pompo.

Koma a Wokayika, ndi inunso amayi, tisamangoti Google ndiyo yaononga ana. Ray Larson anafufuza zolembedwa ngati zimene ndimaonazi za katalogi ya MELVYL ya University of California, n'kutulutsa zotsatira mu 1991. Anapeza kuti m'zaka za m'ma 1980 kusaka pogwiritsa ntchito mutu wa nkhani kunkacheperachepera, anthu akuthawira ku mawu a m'dzina la buku, chifukwa mwina sankapeza kanthu kapena ankapeza zambirimbiri zosatheka kuzisankha. Nthawi imeneyo Google kunalibe, inabwera mu 1998.

MdalaWamakadi:
Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinapuma pa ntchito, ndipo zaka zanga zambiri ndinagwira ndi madirowa a makadi. Sindikuwalira, chifukwa kulemba ndi kusanja makadi aja kunali kuthyola msana, buku limodzi makadi angapo. Koma kabati ija inali ndi ubwino umodzi: inkadziphunzitsa yokha. Ukaima patsogolo pake unkaona ndi maso kuti njira zilipo zitatu, wolemba, dzina la buku, mutu wa nkhani, monga anaikira katswiri wa makatalogi Charles Cutter mu 1876. Ukalakwitsa kalembedwe ka dzina, zala zinkadutsa makadi oyandikana nawo n'kukumana nalo ndithu. Ukasaka mawu amene ife sitinagwiritse ntchito, unkapeza khadi lolembedwa "See", lokutumiza ku mawu oyenera. Bokosi la pa sikirini silikuonetsa chilichonse, lili mbee, likudikira iwe. Zimene kabati inkaonetsa popanda mawu, lero pafunika munthu azinene ndi pakamwa. N'chifukwa chake ine sindingati phunzirolo lithe. Ndingati liphunzitse zimene bokosi likubisa.

MayiWaPaDesiki:
Zikomo bambo, mwanditsegula mutu. Iwe ChakaChoyamba, uli ndi asainimenti pakadali pano? Tatumiza funso lake tiyese pompano, anthu onse akuona.

ChakaChoyamba:
Ilipo amayi, ndipo ikundisowetsa tulo. Akuti: "Discuss the effects of climate change on water resources in developing countries." Ndinalemba lonse, palibe. Ndinachotsa "discuss", palibebe. Ndinangoti basi ndikasaka pa foni.

MayiWaPaDesiki:
Chabwino. M'funsomo muli zinthu zingati zenizeni? Nyengo, madzi, mayiko osauka. "Discuss" ndi "effects" ndi malangizo a aphunzitsi kwa iwe, si nkhani ya buku. Yamba ndi ziwiri zokha, lemba climate water. Zikatuluka, sankha buku limodzi limene likuoneka loyandikira, ulitsegule. Usathamangire nambala ya shelefu. Tsika m'munsi pamene palembedwa Subjects, utiuze mawu amene ali pamenepo.

MphunzitsiWaMbiri:
Pamene mnyamatayu akusaka, ndinene za kalasi yanga. Ndikapereka ntchito ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ophunzira amalemba "Second World War" n'kupeza mabuku ochepa okhala ndi mawu amenewo pa chikuto. Mulu weniweni uli pansi pa "World War, 1939-1945". Palibe mwana angalote yekha kuti alembe choncho, ndi kakoma ndi zaka zomwe. Ndimawauza m'kalasi, koma chimene ndaona n'chakuti amene wauzidwa amaloweza mutu umodziwo basi. Ikabwera ntchito ya nkhani ina, wabwerera pomwe anali.

Wakatalogi:
Ndi zimenezo aphunzitsi. Kumuuza mutu ndi kumuthandiza lero lokha. Chofunika adziwe kumene mituyo imakhala kuti azikaitenga yekha.

ChakaChoyamba:
Eee! Zatuluka. Ndatsegula limodzi, pansi palembedwa "Climatic changes" ndi "Water-supply", ndipo pena pali "Developing countries". Ndadina "Climatic changes" ndipo kwabwera mndandanda wautali, mabuku ena dzina lake mulibe n'komwe mawu akuti climate change. Nanga bwanji sanatiuze zimenezi tsiku lija?

MayiWaPaDesiki:
Mwina anakuuzani, mwanawe, koma unalibe pokolowekapo. Lero wamva chifukwa funso ndi lako ndipo tsiku lopereka layandikira.

Wakatalogi:
Chimene wachitachi ndicho ine ndingafune wophunzira aliyense achoke nacho, ngakhale aiwale zina zonse. Yamba ndi mawu ako ochepa, peza buku limodzi labwino, kenaka ulole bukulo likuuze mawu a katalogi. Mitu imeneyi sitimangoipeka pa desiki. Malaibulale ambiri a m'mayunivesite amatsata mndandanda wa Library of Congress Subject Headings, ndipo ntchito yake ndi kusonkhanitsa pamodzi mabuku a nkhani imodzi ngakhale olemba atagwiritsa ntchito mawu osiyanasiyana. Wina ati global warming, wina ati changing weather patterns, wina apatse buku lake dzina la ndakatulo losatchula nyengo n'komwe. Popanda mutu wa nkhani, lachitatulo silingapezeke.

Ena amati mitu imeneyi n'kutaya nthawi popeza anthu amasaka ndi keyword, kutanthauza mawu aliwonse amene awabwerera m'mutu. Tina Gross ndi Arlene Taylor anayesa zimenezi mu 2005, ndipo anapeza kuti mitu ya nkhani itachotsedwa m'marekodi, zopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene keyword imatulutsa zingasowe. Kutanthauza kuti ngakhale mwana amene sanamvepo za mitu imeneyi amadyerera thukuta lake osadziwa.

Koma sindikuikira kumbuyo mndandandawo pa chilichonse. Umasintha mochedwa, ndipo mawu ake ena ndi a ku America komanso achikale. Mafilimu ali pansi pa "Motion pictures". Mutu wakuti "Illegal aliens" ophunzira a ku Dartmouth College anayamba kuudandaula mu 2014, koma unadzachotsedwa mu 2021, m'malo mwake n'kuikamo "Noncitizens" ndi "Illegal immigration". Zoterezi ndi bwino ophunzira azidziwe, aone kuti katalogi inalembedwa ndi anthu okhala ndi maganizo awoawo.

Wokayika:
Zokoma kuona, koma taonani chimene chachitika. Mwana mmodzi wathandizidwa ndi akatswiri atatu. Yunivesite imalandira ophunzira mazanamazana pa chaka, ogwira ntchito m'laibulale ndi owerengeka. Mudzakhala ndi aliyense chonchi? Phunziro la gulu lija linabwera chifukwa chakuti njira inayi siikwanira.

NamwinoMawa:
Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku wodi. A Wokayika, pali njira yapakati, ndipo ine ndinadutsamo. Phunziro la sabata yoyamba sindikumbukapo kanthu, ngati mnzangayu. Koma m'chaka chachiwiri, pa kosi ya kafukufuku, aphunzitsi anabwera ndi woyang'anira laibulale m'kalasi titapatsidwa kale mitu yathu. Aliyense anali pa kompyuta yake ndi mutu wake. Mayi aja sanayambe n'kulankhula, anati sakani mmene mumasakira. Titalephera, m'pamene anayamba kufunsa kuti walemba chiyani, watulutsa chiyani, ukuganiza chifukwa chake n'chiyani. Anatenga kusaka kwa mnzathu kumene kunalephera n'kukuika pa projekita, kalasi yonse n'kumakonza.

Kumeneko n'kumene ndinadziwira MeSH, mitu ya nkhani ya zachipatala imene National Library of Medicine ya ku America imasunga. Odwala ndi ife tomwe timati heart attack, MeSH imati "Myocardial Infarction". Khansa ili pansi pa "Neoplasms". Nditamva zimenezo pa PubMed, posakira nkhani za m'majenolo a zachipatala, ndinabwerera ku katalogi yathu n'kuona kuti nzeru yake ndi yomweyo. Ndiponso aphunzitsi anaika malikisi pa kusaka komweko: tinkayenera kulemba mawu amene tinayesa, amene analephera ndi amene tinasintha. Kunena zoona, malikisi aja ndiwo anatichititsa khama.

MphunzitsiWaMbiri:
Apa mwatigwira pakhosi ife aphunzitsi. Ambiri timalemba pa pepala la asainimenti kuti "gwiritsani ntchito mabuku osachepera asanu" n'kuthera pomwepo, ngati kuti kupeza asanuwo si ntchito. Ndipo ola limodzi la kosi timaliumira kwambiri moti woyang'anira laibulale akalipempha timaona ngati akutilanda.

WaMakompyuta:
Ndifunse za Boolean, njira yolumikizira mawu osakira. Kodi tikufunikabe kuphunzitsa AND, OR, NOT kwa a chaka choyamba? Ndimaona anthu akulemba "women and men and children" akuganiza kuti apeza zambiri, chonsecho akudzichepetsera okha. M'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku "ndi" amawonjezera, mu katalogi AND amachepetsa. Zozungulira zitatu zija timajambula pa bolodi pofotokoza zimenezi sizikuoneka kuti zimalowa.

MayiWaPaDesiki:
Ine kwa a chaka choyamba zozungulira zija sindijambulanso. AND katalogi imaika yokha. NOT ndi woopsa, amataya buku labwino chifukwa chakuti latchula kamodzi liwu limene wakana. Amene ndimaphunzitsa ndi OR, ndipo ndimadikira mpaka wina akakamire. Mwachitsanzo wolemba "labour" sapeza mabuku olembedwa "labor", ndipo mitu ya Library of Congress imatsata kalembedwe ka ku America. Akaona yekha kuti theka la mabuku linabisala chifukwa cha chilembo chimodzi, OR safunanso kumufotokozera kawiri. Chimodzimodzi kanyenyezi kodulira mawu: educat* imakoka education, educator, educational. Koma ndimawachenjeza kuti chizindikirocho chimasiyana malinga ndi katalogi kapena database (nkhokwe ya nkhani za m'majenolo), ayang'ane pa Help.

Wakatalogi:
Apa tisiyana pang'ono amayi. Wa chaka choyamba mungamukhululukire, koma amene akulemba kafukufuku wa chaka chomaliza kapena wa masitazi sangathawe Boolean yonse, ndi mabulaketi omwe. Akafika pa database yaikulu osadziwa kumanga funso, adzamira. Ndiye tikachotsa kumayambiriro, tionetsetse kuti tikukumana nawonso kutsogolo. Vuto n'lakuti m'masukulu ambiri timakumana nawo kamodzi kokha moyo wawo wonse wa pa yunivesite.

MayiWaPaDesiki:
Pamenepo sitikutsutsana. Kamodzi kokhako ndiko kakundiwawa.

MphunzitsiWaMbiri:
Funso la munthu wa mbiri: umboni wake uli kuti? Mukati phunziro lathandiza, mumadziwa bwanji?

MayiWaPaDesiki:
Mwafunsa pamene pali bala. Kawirikawiri timagawa kapepala pomaliza: kodi phunziroli lakuthandizani? Onse amachonga kuti inde, mwina chifukwa cha ulemu, mwina chifukwa akufuna atuluke. Kapepalako kamayesa kukhutira, sikayesa luso. Ena amapereka timafunso phunziro lisanayambe ndi litatha, koma kuyankha molondola kuti OR amachita chiyani patangopita mphindi zochepa si umboni wakuti mwezi wamawa adzamugwiritsa ntchito. Ndipo phunziro likakhala la ofuna okha, amabwera ndi akhama kale, amene akanapeza mabuku ngakhale popanda ife.

Njira imene imandiuza zoona ndi kukhala pambali pa wophunzira patapita masabata, kumupatsa chosaka, n'kumupempha kuti azilankhula zimene akuganiza uku akusaka, ine osathandiza. Zimapweteka kuonerera. Amathamanga kwambiri, sawerenga sikirini, amadina choyamba chimene chatuluka. Koma umaonanso zotsalira za phunziro zimene kapepala sikangaonetse: wina katalogi ikati palibe, sachoka, amachotsa liwu limodzi n'kuyesanso. Kwa ine chimenecho ndicho chizindikiro chachikulu, chimene munthu amachita kusaka koyamba kukalephera.

Wokayika:
Ndipo musaiwale kuti phunziro likhoza kukulitsa kudzikhulupirira kuposa luso. Munthu watuluka akuti ndadziwa, ndiye safunsanso.

NamwinoMawa:
Komabe kudzikhulupirirako musakupeputse. Anzanga ena salowa n'komwe m'laibulale chifukwa cha manyazi. Amaona ngati aliyense akudziwa kupatula iwo, ndipo kufunsa pa desiki kuli ngati kudziulula kuti ndiwe mbuli.

MdalaWamakadi:
Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwambiwo umaiwala kuti wofunsidwayo nayenso nkhope yake imathamangitsa anthu. Zimene wanenazi, mwana wanga, Constance Mellon anazilemba mu 1986 atawerenga zimene ophunzira a ku America ankalemba za ulendo wawo woyamba wa ku laibulale. Ambiri ankalankhula za mantha, ndipo ankabisa kusadziwa kwawo poganiza kuti anzawo onse ndi akatswiri. Ndiye phunziro la sabata yoyamba lija musalitaye lonse. Likhale lalifupi, aone nkhope ya munthu amene angamufunse, adziwe kuti desiki ija ndi yawo. Za kusaka zidikire asainimenti.

Wokayika:
Ndibwerere ku mfundo yanga. Kumene ndimaphunzitsa anaika bokosi limodzi losaka zonse pamodzi, mabuku, nkhani za m'majenolo, ma e-book. Lathu ndi Primo, ena ali ndi Summon kapena EBSCO Discovery Service. Limakonza kalembedwe kolakwika, ndipo kawirikawiri silinena kuti palibe. Si umenewu umboni wakuti chida chikakonzedwa, phunziro silifunika?

WaMakompyuta:
Mabokosi amenewo athetsadi mavuto ena, makamaka la kusaka dzina la nkhani ya mu jenolo lija. Koma vuto langotembenuka. Kale mwana ankapeza ziro, lero akupeza zikwizikwi, ndipo amatenga zitatu zapamwamba. Zosefera zili kumbali, chaka, mtundu wa cholembedwa, mutu wa nkhani, peer-reviewed (zimene akatswiri ena anaziunika), koma ambiri saziona ngati kuti mbali imeneyo ya sikirini kulibe. Ena amatenga ndemanga ya buku ya tsamba limodzi n'kumaiyesa bukulo. Ndiye phunziro silinathe ntchito, langosamuka: kuchoka pa "ndipeze bwanji kanthu" kufika pa "mwa zonsezi nditenge chiti, chifukwa chiyani".

Wakatalogi:
Ndipo zosefera za mutu wa nkhani zimene mukuzitamazo kumbali ya mabuku zimachokera m'marekodi omwe aja a MARC. Khadi lija silinafe.

Wokayika:
Chabwino, pamenepo ndagonja theka. Theka linalo ndikusunga: musamaphunzitse ana kupirira zolakwika zimene mukanatha kukonza. Ngati zolembedwa za pa seva zikuonetsa kuti anthu amakakamira pa malo amodzimodzi, konzani malowo. Uthenga wakuti "No results found" bwanji osauwonjezera mzere wonena kuti chepetsani mawu, kapena funsani pa desiki?

WaMakompyuta:
Zimenezo n'zotheka, mu Koha uthenga umenewo umasinthika. Ndazilemba.

NamwinoMawa:
Kanthu kena kakang'ono. Masiku ano anzathu ambiri amayamba n'kufunsa ChatGPT kuti awapatse mabuku. Nthawi zina imatchula buku looneka lenileni, wolemba wodziwika, chaka chomwe, koma bukulo kulibe. Ndinaona mnzanga akukangana ndi wa pa desiki kuti laibulale ndi yosauka, chonsecho buku limene ankafunalo silinalembedwepo ndi munthu.

Wakatalogi:
Zikatero muyang'ane pa WorldCat, imene imasonkhanitsa marekodi a malaibulale ambirimbiri a padziko lonse. Buku la maphunziro likasowa kumeneko, yambani kukayika. Iyinso ndi ntchito ya katalogi imene tiyenera kuiphunzitsa tsopano, kutsimikiza kuti chinthu chilipodi.

ChakaChoyamba:
Ndabweranso ndi vuto lina, musanditope. Ndapita ku mashelefu ndi nambala 333.91. Ndapeza 333.7, kenaka 333.714, ndiye ndinati ndadutsa chifukwa 714 ndi wamkulu kuposa 91. Ndabwerera m'mbuyo, palibe. Kapena wina waliba?

MdalaWamakadi:
Hahaha, sanabe munthu. Nambala za pa shelefu zimenezi, za dongosolo la Dewey, zikadutsa kadontho zimawerengedwa ngati madesimo, nambala imodziimodzi. Yerekeza 7 ndi 9 poyamba: 333.714 imabwera 333.91 isanafike. Pitirira kutsogolo, udutse ma 333.7 onse ndi ma 333.8. Ukafika, usangotenga lako lokha, yang'ana oyandikana nalo, chifukwa 333.91 yonse ndi ya madzi. Za nyengo yeniyeniyo zili kwina, ku 551.6. Melvil Dewey anayala dongosololi mu 1876 kuti mabuku a nkhani imodzi azikhala pamodzi, koma funso ngati lakoli limagwira nthambi ziwiri, ndiye uyenda kawiri.

MayiWaPaDesiki:
Mwaona? Ichinso timachinena tsiku loyamba lija, koma munthu amachimva ataima pa shelefu. Ine ndatolapo zochita. Sabata yoyamba ndisiya ya kudziwana ndi kuyendera nyumba. Phunziro la kusaka ndikapempha ola m'kati mwa kosi, asainimenti itaperekedwa, aliyense abwere ndi funso lake, ndipo ayambe iwo kusaka ine ndisanatsegule pakamwa. Chovuta ndi kupeza aphunzitsi ovomera kupereka olalo.

MphunzitsiWaMbiri:
Musapemphe ku ofesi ya dipatimenti, kalata yanu idzagona m'fayilo. Pitani kwa mphunzitsi mmodzi amene amadandaula kwambiri za maumboni osalongosoka m'maasainimenti, mumuuze kuti mukufuna kumuchepetsera ntchito yochonga. Ameneyo akavomera, anzake adzamva okha. Ndipo mumupemphe mafunso ake isanafike sabata ya phunzirolo kuti muyambe mwasaka nokha, mungadzapeze kuti mutu wina mabuku ake mulibedi.

MayiWaPaDesiki:
Zimenezo zimachitika, ndipo zikatero ndi bwino aphunzitsi adziwe msanga asinthe funso kapena tiitanitse mabuku.

ChakaChoyamba:
Ndalipeza shelefu! Awiri ndatenga. Koma lachitatu, limene ndimalifuna kwambiri, katalogi ikuti "Checked out". Ndiye basi?

Wakatalogi:
Ayi. Lowa mu akaunti yako ya laibulale, tsegula rekodi ya bukulo, udine "Place hold". Likabwezedwa adzakusungira ndipo amene ali nalo sadzaloledwa kuwonjezera masiku. Yang'ananso tsiku lobwezera limene lalembedwa pamenepo, uliyerekeze ndi tsiku lopereka asainimenti yako. Ngati silikugwirizana, dina mutu wa nkhani wa buku lomwelo, usefe ndi e-book.